Funsani Aphunzitsi: Nanga wojambula chombocho waima pati?

Makalata ambiri a mwezi uno akukamba za mapulogalamu a pa kanema osonyeza zombo zopanda anthu zimene zidatumizidwa ku Jupiter, ku Saturn ndi kupitirira apo. Ena mwawaona pa DStv, ena pa YouTube, ena mwachita kupatsana pa memori khadi. Mafunso ofanana ndawaphatikiza, ataliatali ndawadulako.

Funso: Aphunzitsi, ine ndili ndi kanyumba koonetsera mpira ndi mafilimu pano pa Santhe. Tsiku lina tikudikira mpira ndidasiya pulogalamu ya chombo chotchedwa Voyager. Mkulu wina wogulitsa mbuzi adaimirira nkufunsa kuti, “Ngati m'chombomo mulibe munthu, ndipo kumeneko kulibe aliyense, nanga wojambulayu waima pati?” Nyumba yonse idangoti zii, kenaka mkangano mpaka mpira kuyamba. Kodi zimenezi si zopeka za azungu?
Mwini vidiyo, Santhe

Yankho: Achimwene, mkulu wa mbuziyo tsiku lina mudzamulowetse ulere, chifukwa wafunsa funso limene ana ambiri a Fomu 4 sadandifunsepo nthawi yonse imene ndidagwira choko. Palibe adaima pena paliponse. Mukaona chombo chenichenicho chikuyandama, dishi yake yoyera ikunyezimira, mphete za Saturn zili kumbuyo kwake, dziwani kuti chimenecho ndi chojambula cha pa kompyuta. Ntchitoyi si ya lero. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 katswiri wina, Jim Blinn, wa ku Jet Propulsion Laboratory (JPL), malo a NASA, bungwe la America loona zakuthambo, ku Pasadena m'dera la California, ndiye ankapanga makanema oterewa kuti anthu aone mmene Voyager idzadutsire pa mapulanetiwo. A masiku ano angowonjezera kukongola.

Zimene chombo chidatumizadi ndi zina. Makamera a Voyager ankajambula chithunzi chimodzichimodzi, chakuda ndi choyera, cha timadontho 800 m'litali ndi 800 m'lifupi. Foni yotchipa ya pa msika wa Kasungu imaposa pamenepo kutalitali. Kuti apeze mtundu, kamera inkajambula malo omwewo kangapo, ulendo uliwonse kudzera m'galasi la mtundu wina, ndipo anthu pansi pano ankasanjikiza zithunzizo. Ndiye mukamaonera muziyang'anitsitsa. Chithunzi chikakhala cha mchengamchenga, chodukizika m'mbali, nthawi zina chokhala ndi timadontho takuda tondandalikana bwinobwino, chimenecho ndi chenicheni. Kamera ikamauluka pakati pa miyala ya m'mphete, ikutembenuka uku ndi uku nyimbo ikugunda, amenewo ndi manja a anthu a mu situdiyo. Mapulogalamu aulemu amalemba timawu pakona kunena kuti ichi nchoyerekeza chabe. Amene salemba ndimadandaula nawo, chifukwa ndi amene amachititsa munthu wochenjera ngati mkulu wanuyo kutayira kumodzi zoona ndi zopeka.

Zithunzi zenizenizo nazonso zimafuna kusamala. Voyager 2 idadutsa pa Neptune mu Ogasiti 1989, kuno tilibe wailesi ya kanema (TVM idadzayamba mu 1999), ndiye enafe pulanetiyi tidaidziwira m'magazini ofika mochedwa ku laibulale: mpira wabuluu woderapo, wokongola zedi. Mabuku a sukulu adatengera zomwezo. Mu Januwale 2024 gulu lotsogozedwa ndi Patrick Irwin wa ku yunivesite ya Oxford lidaonetsa kuti mtundu weniweni wa Neptune ndi wotuwirako, wobiriwira pang'ono, wosasiyana kwenikweni ndi wa Uranus. Akatswiri a mu 1989 adakoleza mtunduwo dala kuti mitambo ioneke bwino, ndipo adanena poyera, koma mawu ofotokozawo adatayika m'njira, chithunzi nkumayenda chokha.

Nanga umboni woti chombocho chilikodi uli pati? Kutsutsa galu nkukumba. Mu 2006 gulu la anthu okonda za wailesi ku Germany, osati antchito a NASA, lidalozetsa dishi ya mamita 20 ya ku Bochum kumene Voyager 1 idayenera kukhala, ndipo lidagwira chizindikiro chake. Komanso zimene zombozi zidaona, ena adadzazionanso ndi zipangizo zawo. Mu Malichi 1979 mayi wina wa gulu lowongolera ulendo, Linda Morabito, ankawalitsa chithunzi cha Io, mwezi wa Jupiter, pofuna kuona nyenyezi za kumbuyo kwake kuti adziwe pamene chombo chili. M'mphepete mwa Io mudatulukira chiutsi chokwera makilomita oposa 250. Lidali phiri la moto likuphulika, loyamba kulipeza lili pa ntchito kunja kwa dziko lathu. Lero matelesikopu a ku Hawaii ndi ku Chile amaona kutentha kwa mapiri a Io ali pansi pompano.

Funso: Bambo, ine ndimayendetsa njinga yamoto ya kabaza pa Kasungu boma. Ndikathira mafuta m'mawa, pofika madzulo thanki yauma. Pa kanema adati Voyager idanyamuka mu 1977 ndipo ikuyendabe. Imamwera kuti mafuta?
Wa kabaza, Kasungu

Yankho: Simwa ayi, mwana wanga. Njinga yanu imadya mafuta chifukwa ikulimbana ndi mphepo, matayala akukhudzana ndi msewu, komanso zitunda. Kumwambako kulibe mpweya, kulibe msewu. Chinthu ukachikankha chimangopitirira mpaka china chichigwire. Roketi yaikulu idagwira ntchito tsiku lonyamuka lokha, ku Cape Canaveral m'dera la Florida: Voyager 2 pa 20 Ogasiti 1977, Voyager 1 pa 5 Seputembala. Inde, yachiwiri ndiyo idatsogola. Inayo adaitcha yoyamba chifukwa njira yake idali yachangu ndipo idakaipitirira inzakeyo. Kuchokera pamenepo nkungoyandama basi. Voyager 1 ikuthamanga pafupifupi makilomita 17 pa sekondi, kutanthauza kuchoka pa depoti ya Kasungu kukafika ku Lilongwe inu musanawerenge mpaka 10.

Komabe dzuwa limakokera chilichonse kumbuyo, ndipo liwiro la roketi lokha silikadafikitsa chombo ku Neptune oyambitsa ntchitoyo akadali pa ntchito. Nzeru ili apa. Mudaonapo anyamata a njinga zakapalasa akugwirira kumbuyo kwa lole ya fodya pokwera chitunda mu M1. Akaisiya amakhala atatenga liwiro limene miyendo yawo sikadawapatsa, dalaivala wa lole osamva kanthu. (Musayesere, ambiri avulala nazo.) Chombo chimachita chimodzimodzi ndi pulaneti. Jupiter ikuthamanga pozungulira dzuwa, ndipo chombo chikadutsa kumbuyo kwake pa mtunda woyenera, mphamvu yake yokoka imachitenga, kuchikhotetsa ndi kuchiponya ku pulaneti yotsatira.

Mu 1965 Gary Flandro, amene panthawiyo adali wophunzira wothandiza ntchito ku JPL, adawerengetsa kuti kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 Jupiter, Saturn, Uranus ndi Neptune zidzandandalikana mwa njira yoti chombo chimodzi chikhoza kuponyedwa kuchoka pa ina kupita pa ina. Mwayi wotere umabwera kamodzi pa zaka pafupifupi 175. Voyager 2 idaugwiritsa ntchito wonse: Jupiter mu Julayi 1979, Saturn mu Ogasiti 1981, Uranus mu Januwale 1986, Neptune mu Ogasiti 1989. Zaka 12 m'malo mwa pafupifupi 30. Mpaka lero palibe chombo china chidafikako ku Uranus ndi ku Neptune, moti chithunzi chilichonse chapafupi cha mapulaneti awiriwa chimene mungaone pa kanema chidachokera ku makamera a mu 1977 aja.

Timafuta pang'ono tilimo ndithu, totchedwa hydrazine, toti timainjini ting'onoting'ono tizipemerera kuti dishi isasiye kuloza kuno. Magetsi sachokera ku sola, pakuti ku Neptune kuwala kwa dzuwa nkofooka pafupifupi ka 900 poyerekeza ndi kuno. Amachokera ku plutonium-238, chitsulo chimene chimatentha chokha, ndipo kutenthako kumasandutsidwa magetsi. Ponyamuka adalipo mawati pafupifupi 470, ndipo chaka chilichonse amachepa ndi mawati 4, nchifukwa chake akatswiri akhala akuzimitsa zipangizo chimodzichimodzi. Makamera a Voyager 1 adawazimitsa mu Febuluwale 1990, itangojambula dziko lathu ili pa mtunda wa makilomita 6 biliyoni. Ndiye wina akakutumizirani pa WhatsApp “chithunzi chatsopano cha Voyager”, ingofufutani. Chombo chimene chidalimba mtima kudalira sola ku Jupiter ndi Juno, chimene chidafika mu Julayi 2016, koma chidachita kunyamula mapiko atatu a masola, lililonse lotalika pafupifupi mamita 9.

Funso: M'pulogalamu ina ndidamva “kulira kwa Saturn”, phokoso loopsa ndithu. Koma aphunzitsi athu a Physics adati kumwamba kulibe phokoso. Akulondola ndani?
Mtsikana wa Fomu 3, Mtunthama

Yankho: Aphunzitsi ako, mwanawe. Phokoso limafuna mpweya, madzi kapena chinthu china choti liyendemo. Chimene udamvacho ndi mafunde a wailesi ochokera ku Saturn amene chombo cha Cassini chidayeza, akatswiri nkuwatsitsa kuti khutu lithe kuwamva. Miyezoyo njeniyeni, koma ukadakhala pomwepo sukadamva kanthu. Kubangula kwa injini chombo chikamadutsa pa sikirini ndiye nkongowonjezera kuti oonera asagone.

Funso: Ine ndimakonza mafoni pa Kamwendo. Kumudzi kwathu cha ku Mkanda munthu amachita kukwera pa chulu kuti apeze netiweki, chonsecho tawala ili pafupi. Nanga chombo chili kutali chonchocho chimalankhula bwanji ndi eni ake? Chikawonongeka amakonza ndani?
Wokonza mafoni, Kamwendo

Yankho: Funso ili ndi limene ndimalakalaka opanga mapulogalamuwa akadamalipatsa nthawi yambiri, koma iwo amathamangira zithunzi zokongola.

Voyager 1 ili pa mtunda woposa makilomita 24 biliyoni, ndipo chotumizira mauthenga chake chili ndi mphamvu ya mawati pafupifupi 23 basi. Inu ogwira timasola ndi mabatire mukudziwa kuchepa kwake. Foni imamwaza mphamvu yake mbali zonse, pamene dishi ya Voyager, ya mamita 3.7, imaisonkhanitsa nkuilunjikitsa pa dziko lathu. Pakatipa palibe phiri, palibe mtengo, palibe khoma. Ndipo pansi pano pali makutu aakulu zedi: madishi a mamita 70 ku Goldstone m'chipululu cha California, pafupi ndi Madrid ku Spain, ndi pafupi ndi Canberra ku Australia. Adawaika motalikirana choncho kuti dziko likamatembenuka, ina ikataya chombo inzake ichilandire. Voyager 2 idalowera chakummwera kwambiri moti dishi ya ku Canberra yokha ndiyo imatha kuitumizira malamulo. Kale Africa idali nawo pa ntchitoyi: siteshoni ya Hartebeesthoek, pafupi ndi Johannesburg, idatumikira NASA kuyambira 1961 mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1970.

Chovuta nkuchedwa. Uthenga umayenda pa liwiro la kuwala, komabe umatenga maola oposa 22 kupita kokha. Ndipo umadontha pang'onopang'ono, mabiti 160 pa sekondi. Chithunzi cha mamegabaiti 3 cha mu foni ya kasitomala wanu chingatenge pafupifupi masiku awiri.

Za kukonza, mverani iyi. Mu Novembala 2023 Voyager 1 idayamba kubwebweta, kutumiza manambala obwerezabwereza opanda tanthauzo. Malamulo inkamva, koma zoyankha zake palibe ankatolapo kanthu. Simungaitsegule, simungaike mita pa bolodi, ndipo ambiri mwa amene adaipanga adapuma ntchito kapena adatisiya. Kagulu kochepa ka mainjiniya kadachita kufukula mapepala a m'ma 1970, ndipo funso lililonse limene katumiza, yankho linkabwera patapita maola 45. Patatha miyezi adapeza kuti kachipi kamodzi ka memori m'kompyuta yosanja mauthenga kadafa, nkupita ndi pafupifupi magawo 3 pa 100 a memoriyo. Malo amodzi okwanira kusamutsirako pulogalamu imene idali pamenepo padalibe, pakuti memori ya makompyuta onse a chombocho pamodzi ndi pafupifupi makilobaiti 70. Ndiye adaiduladula pulogalamuyo, zidutswa nkuzilonga m'timipata tosiyanasiyana, nkukonza kuti zizipezana. Lamulo lidatumizidwa pa 18 Epulo 2024, ndipo pa 20 Epulo chombo chidalankhula zomveka.

Aka sikadali koyamba. Chombo cha Galileo chidanyamuka mu Okutobala 1989 kupita ku Jupiter ndi dishi yopindika ya nthiti 18. Atailamula kuti itambasuke mu Epulo 1991, nthiti zitatu zidakanirira. Adayesa kutembenuzira chombo ku dzuwa kuti chitenthe, kuchibisa kuti chizizire, kugwedeza injini ya dishiyo kambirimbiri, koma ayi ndithu. Potsiriza adalembanso mapulogalamu a kompyuta yake chili m'njira, kuti izipanikiza zithunzi zikhale zazing'ono nkuzitumiza pa kaeriyo kakang'ono kamene kadatsala. Chidafika mu Disembala 1995 ndipo chidagwira ntchito mpaka 2003. Umboni wamphamvu woti pansi pa madzi oundana a Europa, mwezi wina wa Jupiter, pali nyanja yamchere udadzera pa kaeriyo komweko.

Pa kanema nkhani ngati izi zimatenga mphindi ziwiri: nkhope zakugwa, nyimbo yachisoni, kenaka anthu akuomba m'manja. Miyezi isanu ya munthu atakhala pa desiki ndi mapepala akale sioneka bwino pa sikirini. Kwa ine ntchito yeniyeni ili pomwepo, ndipo munthu wa luso lanu angaimvetse kuposa wowerenga mawu m'pulogalamumo.

Funso: Ndidaonera theka lokha la pulogalamu magetsi asanathime. Adati m'chombomo muli mbale ya galamafoni yokhala ndi moni m'zilankhulo zambiri. Alamu anga a ku Chipata akuumirira kuti Chinyanja chilimo. Tabetcherana nkhuku.
Bambo wa ku Mchinji boma

Yankho: Bambo, gwirani nkhukuyo mukapereke kwa alamu. Voyager iliyonse idanyamula mbale ya mkuwa yokutidwa ndi golide, ya masentimita 30, pamodzi ndi singano yoimbira ndi zizindikiro zosonyeza kaimbidwe kake. Komiti yosankha zoikamo idatsogozedwa ndi Carl Sagan wa ku yunivesite ya Cornell. Muli zithunzi zoposa 100, nyimbo za mphindi pafupifupi 90, kulira kwa mbalame, mabingu, ndi moni m'zilankhulo 55. Pa m'ndandandawo pali Chinyanja, Chiila cha ku Zambia, Chisotho ndi Chiganda. Moni wathuwo ngwamfupi, wongofunsa anthu a kumwambako kuti ali bwanji. Mukhoza kuumvera pa intaneti, ndipo khutu la ku Mchinji lizindikira msanga kuti wolankhulayo kalankhulidwe kake nka kutsidya kwa malire.

Ngati alamuwo akuyembekezera yankho, muwauze adye nkhukuyo msanga. Voyager 1 idatuluka m'dera la mphepo ya dzuwa (tizidutswa tosaoneka ndi maso timene dzuwa limauzira mbali zonse) mu Ogasiti 2012, Voyager 2 mu Novembala 2018, koma kuti Voyager 1 idutse chapatali ndithu ndi nyenyezi ina papita zaka pafupifupi 40,000.

Funso: Ine ndi mayi wa zaka zambiri, kanemayu amandiyatsira ndi adzukulu. Ndidaona akuluakulu ophunzira akulira misozi chifukwa chombo chawo cha Cassini chapsa, chonsecho adachiponya pa moto ndi iwo omwe. Nzeru zake nzotani? Ndalama zonsezo bwanji osathandizira anjala?
Agogo a ku Chamama

Yankho: Agogo, mwafunsa mafunso awiri, ndiyamba ndi losavutalo.

Cassini idanyamuka pa 15 Okutobala 1997, idafika ku Saturn mu Julayi 2004, ndipo idazungulira kumeneko zaka 13. Idabereka kumbuyo kachombo ka bungwe la ku Ulaya la ESA, dzina lake Huygens, kamene pa 14 Januwale 2005 kadatsika ndi parachuti pa Titan, mwezi waukulu wa Saturn. Kadatsika kwa maola awiri ndi theka m'chifunga chachikasu, ndipo katatera kadatumiza mauthenga kwa ola limodzi ndi mphindi zingapo. Adzukulu akufunireni chithunzi chimene kadajambula kali pansi. Nchopapatiza, chosaoneka bwino, ndipo mapulogalamu ambiri amachionetsa masekondi ochepa chabe. Chikusonyeza chigwa chafulati chodzaza timiyala tobulungira tokhala ngati tapereseka ndi madzi oyenda. Timiyalato ndi madzi oundana, olimba gwa chifukwa kumeneko kumazizira madigiri 179 pansi pa ziro, ndipo chimene chimayenda m'mitsinje ndi kudzaza nyanja za Titan ndi methane, gasi amene kuno amayaka moto. Palibe chinthu chopangidwa ndi munthu chidaterapo kutali kuposa pamenepo. Ine chithunzi chimenecho ndimachiika patsogolo pa zojambula zonse za pa kompyuta.

Chaka chomwecho Cassini idaona kamwezi kena, Enceladus, kotambalala makilomita 500 okha, kakufwamphula madzi m'ming'alu ya kummwera kwake. Idadutsa m'kati mwa utsi wa madziwo nkupezamo mchere ndi zinthu zina zimene zamoyo zimafuna. Pansi pa chikhungwa choundanacho pali nyanja. Tsono mafuta owongolera chombo atatsala pang'ono kutha, akatswiri adaopa kuti chikatsala chopanda chiwongolero tsiku lina chingagwere pa Enceladus kapena pa Titan, nkusiyapo tizilombo tosaoneka ndi maso tochokera kuno. Zikadatero, odzapita m'tsogolo akadzapeza zamoyo sakadadziwa ngati nzakomweko kapena nzobwera. Ndiye adachilowetsa maulendo 22 pa mpata wa pakati pa Saturn ndi mphete zake, kumene sakadayerekeza kupita chikadali chatsopano, kenaka pa 15 Seputembala 2017 adachigwetsera mu mpweya wa Saturn nkupsa. Uthenga wake womaliza udafika kuno patatha mphindi 83. Galileo adaichita zomwezo ku Jupiter mu Seputembala 2003 poteteza Europa. Olirawo ena adagwira ntchito imodziyo kuyambira ali anyamata mpaka imvi, ndiye misoziyo musaidabwe.

Za ndalama sindikunamizani, nzambiri. Cassini idadya madola oposa 3 biliyoni. Ma Voyager awiri, kuyambira 1972 mpaka kufika pa Neptune, adadya madola 865 miliyoni. Ndi misonkho ya anthu a ku America ndi ku Ulaya, ndipo sindikhulupirira kuti zikadapanda kupita kumwamba zikadasanduka matumba a chimanga pa Chamama. Oikira kumbuyo ntchitozi amakonda kutchula phindu lotsalira, monga kakamera ka m'mafoni athu, kamene luso lake lidakulira ku JPL m'zaka za m'ma 1990 m'manja mwa Eric Fossum ndi anzake. Nzoona. Ena amatchulanso masetilaiti amene adatichenjeza za namondwe wa Freddy mu 2023, koma amenewo ndi makina a banja lina, ozungulira dziko lathu lomweli, ndipo si bwino kubisa zombo ngati Cassini kumbuyo kwawo. Cassini sidapite kukafuna kamera ya foni. Idapita chifukwa anthu ankafuna kudziwa chimene chili kumeneko. Ine ndimaona kuti chifukwa chimenecho nchokwanira, koma munthu amene nkhokwe yake yatha mu Januwale akandiuza kuti sichikumukwanira, sindingakangane naye.

Funso: Buku lakale la achimwene anga likuti mapulaneti ndi 9, pulogalamu ya pa kanema ikuti 8. Pa mayeso ndilembe ziti?
Mnyamata wa Fomu 2, Chulu

Yankho: Lemba 8. Mu Ogasiti 2006 msonkhano wa akatswiri a zakuthambo wa IAU ku Prague udaika Pluto m'gulu la timapulaneti ting'onoting'ono, chifukwa kudera kwake kudapezeka zinzake zambiri, china chotchedwa Eris cholemera kuiposa. Chosekesa nchakuti chombo cha New Horizons chidali chitanyamuka kale pa 19 Januwale chaka chomwecho kupita ku “pulaneti ya 9”, chitanyamula phulusa pang'ono la Clyde Tombaugh amene adaitulukira Pluto mu 1930. Chidadutsa pa 14 Julayi 2015 osaima, nkujambula mapiri a madzi oundana ndi chigwa chachikulu chosalala cha nitrogen youndana. Kujambula kudatenga maola owerengeka, koma kutumiza zonsezo kuno kudatenga miyezi yoposa 15.

Funso: Aphunzitsi, ana anga atengeka nazo zimenezi mpaka akufuna kuona okha. Kodi munthu wa kumudzi ngati ine angaone chiyani popanda makina a mamiliyoni?
Bambo wa ana anayi, Nkhamenya

Yankho: Zambiri, bambo, ndipo inu muli pabwino kuposa wa m'tauni chifukwa kwanuko mdima ulipo. Jupiter ndi Saturn zimaoneka ndi maso okha. Jupiter imawala kuposa nyenyezi iliyonse, ndipo siphethira ngati zinzake. Musaisokoneze ndi nthanda, imene ndi Venus: nthanda imawala kwambiri koma sitalikirana ndi kumene dzuwa latulukira kapena lalowera, pamene Jupiter imatha kukhala pamutu pakati pa usiku. Saturn ndi yachikasu pang'ono, yofatsa. Popeza zimasuntha chaka ndi chaka, ikani mu foni pulogalamu ya Stellarium. Mukailoza kumwamba imakuuzani dzina la chimene mukuona.

Mukabwereka magalasi oonera patali, aja amagwiritsa ntchito oyang'anira nyama ku Kasungu National Park, muona chimene Galileo Galilei adaona mu Januwale 1610. Musawagwire m'manja chabe, amanjenjemera. Tsamiritsani zigongono pa chishalo cha njinga yoimika kapena pa khoma la khonde, pumani pang'ono, lozani Jupiter. Pambali pake muona timadontho towala, tiwiri, titatu kapena tinayi, tili pa mzere umodzi. Timeneto ndi Io, Europa, Ganymede ndi Callisto. Apatseni ana kope ndi pensulo ajambule malo ake, mawa ajambulenso. Apeza kuti tasinthana malo, makamaka Io, imene imazungulira Jupiter m'masiku osakwana awiri. Mphete za Saturn zimafuna telesikopu, ngakhale yaing'ono yokuza ka 30. Neptune musavutike nayo. Nyengo yabwino ndi mvula ikatha, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, utsi wa moto wa tchire usanadzaze m'mwamba. Muwaletse ana kuloza magalasiwo ku dzuwa, amachititsa khungu nthawi yomweyo.

Awiri mwa madontho amenewo akuyembekeza alendo. Chombo cha Europa Clipper chidanyamuka mu Okutobala 2024 ndipo chikuyenera kufika ku Jupiter mu 2030. Cha ku Ulaya chotchedwa Juice chidanyamuka ku Kourou, ku South America, mu Epulo 2023, chidzafika mu 2031, kenaka chidzazungulira Ganymede. Zithunzi zosakonzedwa za kamera ya Juno zimaikidwa pa intaneti kuti aliyense atenge ulere, ndipo zambiri zokongola za Jupiter zimene mumaona pa kanema adazikonza ndi anthu wamba m'nyumba zawo. Mwana wanu wamkulu akapeza kompyuta ku sukulu, ayambire pamenepo.